Ndowa ya Abambo

Kwathu tinakulira m'fungo la kolorini. Nyumba ya aphunzitsi imene tinkakhala ku Chileka inali ndi mpopi panja, pafupi ndi khitchini, ndipo amayi anga ankaunyadira mpopi umenewo kuposa mipando ya pabalaza. Iwo anakulira ku Lirangwe, kumene madzi ankawasenza pamutu kuchokera kumtsinje, tsono atakwatiwa ndi mphunzitsi n'kupeza madzi otuluka okha ukangopotokola, anaona kuti Mulungu wawayankha pamaso pa anthu onse. Ukhondo unali chipembedzo chawo chachiwiri, ndipo nthawi zina ndinkakayika ngati sichinali choyamba. Mlendo akamwa madzi, kapu ija ankaitsuka mlendoyo asanafike n'komwe pamsewu.

M'nyumbamo munali ndowa ziwiri za madzi akumwa. Yaikulu inali yathu anafe, ndipo yaing'ono yoyera, ya chivundikiro chake, inali ya abambo okha. Palibe mwana ankaloledwa kuviikamo kapu. Abambo ankamwa madzi kwambiri, makamaka akaweruka kusukulu mawu atasasa ndi choko, ndipo amayi ankati munthu amene akudyetsa nyumba asamwe madzi amene ana aviikamo zala za mamina. Ife tinkati ndi tsankho, koma tinkanenera kuseri.

Nthawi ya dzinja madzi ankatha kusiya masiku angapo, ndipo akamabweranso mpopi unkayamba watsokomola, kenako madzi n'kutuluka ofiira ngati tiyi. Anthu ena ankawasiya atayike kaye mpaka ayere, koma amayi ankaopa kuti asiyanso, choncho ankatunga omwewo. Akatero ankatsitsa botolo la kolorini limene linkakhala pamwamba pa kabati, n'kuthira m'ndowa. Muyezo wake sindinkaulabadira, mwana salabadira zotere. Chimene ndimakumbuka n'chakuti tsiku lina ndili mtsikana ndinaba madzi a m'ndowa ya abambo, pofuna kudziwa kuti akuluakulu amamwa zotani, ndipo anandikanda pakhosi mpaka ndinalavula. Ndinaganiza kuti ndi chilango cha kuba.

Abambo anakwera mpaka kukhala ahedi, ndipo atapuma pantchito sanachoke ku Chileka. Anali atamanga kanyumba kawo kufupi ndi msewu wa ku bwalo la ndege, koma amayi anakana kulowamo mpaka mpopi utaikidwa. Ine nthawi imeneyo n'kuti ndili mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina chakomweko, ndili ndi banja langa. Kwathu tinabadwa awiri basi. Achimwene anga, amene ndinawapondera pamutu, anali ku Joni, kumene amagwira ntchito imene mpaka lero sindinaimvetse, koma imene imawapatsa ufulu wodziwa chilichonse.

Matenda a abambo tinawadziwa mochedwa. Anayamba kuona magazi akapita kukataya madzi, koma anabisa miyezi yambiri, poti mkulu wa mpingo sakamba za kuchimbudzi ndi mkazi wake, nanji ndi mwana wamkazi. Amayi ndi amene anaona pa zovala pochapa. Pachipatala chachikulu m'tauni anatiuza kuti ndi khansa ya m'chikhodzodzo, ndipo inali itapita kale patali. Masiku onse amene anagonekedwa kumeneko, amayi sanalole kuti abambo amwe madzi a pachipatala. Ankandituma kuti m'mawa uliwonse ndizidzera kunyumba kukatunga a m'ndowa yoyera ija, n'kubwera nawo m'botolo pa minibasi.

Achimwene anafika ndi basi, ndipo tsiku limene dokotala anaitana abale tinalowa awiri, amayi atatsala pambali pa bedi. Achimwene anafunsa kuti chatsitsa dzaye n'chiyani kwa munthu wosasuta, wosamwa mowa, munthu wa Mulungu. Dokotalayo, mayi wachitsikana wooneka wotopa, anayankha mosamala. Anati sangaloze chinthu chimodzi. Anatchula fodya, ife tinapukusa mitu. Anafunsa ngati abambo anadwalapo likodzo ali mwana, n'kunena kuti kuno kwathu khansa imeneyi kawirikawiri imayambira pamenepo, tizilombo tikakhala m'thupi zaka zambiri osachizidwa. Achimwene atapitiriza kukumba, dokotala anawonjezera kuti akatswiri ena amakayikiranso zinthu zina zimene zimapangika kolorini akakumana ndi litsiro la m'madzi, munthu akamazimwa zaka zambirimbiri, koma kuti chiopsezo chake n'chaching'ono ndipo palibe amene angatsimikize pa munthu mmodzi. Ine ndinali pomwepo, ndinamva ndi makutu angawa.

Za likodzo tonse tinkazidziwa. Abambo anakulira tsidya lina la mtsinje wa Lirangwe, akuweta mbuzi ndi kusambira m'maiwe tsiku lonse, ndipo iwo eni ankatiseketsa ndi nkhani yoti anyamata a nthawi yawo ankapikisana kuti ndani akukodza zofiira kwambiri, poganiza kuti ndiko kukula. Koma likodzo ndi matenda a ana a kubusa. Achimwene sakanalola kuti ahedi, munthu wa tayi, afe ndi matenda a kubusa. Mankhwala a m'madzi a pampopi ankamveka bwino m'khutu, ankamveka za m'tauni. Potuluka m'chipindamo ananyamula mawu otsiriza okhawo, ena onse anawasiya pa tebulo la dokotala.

Abambo anatisiya chilimwe chisanathe, ndipo tinakawaika ku Lirangwe. Pamaliro kwathu pamaima munthu wa kubanja kufotokozera khamu mmene malemu anadwalira, kuyambira pachiyambi mpaka tsiku lomaliza, kuti anthu asabwerere kwawo akunong'onezana za ufiti. Mawu a munthu ameneyo satsutsidwa, chimene wanena ndiye chimene mudzi wonse umasunga. Amene anaima anali achimwene, atavala jekete la ku Joni, chimkuzamawu chili kukamwa. Ine ndinali m'nyumba pa mphasa pambali pa amayi, titazunguliridwa ndi amayi a kumpingo, monga mwana wamkazi amayenera kukhalira. Mawu awo ankalowera pa zenera.

"Madokotala atiuza kuti chimene chapha bambo athuwa ndi mankhwala a m'madzi a pampopi. Kolorini akalowa m'madzi a matope amasanduka poizoni. Ndiye abale, tisamale."

Panja anthu anang'ung'udza. Ndinafuna kudzuka, koma mwana wamkazi woferedwa sadzuka pa mphasa kukalanda chimkuzamawu kwa mlongo wake bokosi la bambo ake lili pakhomo. Ndinacheukira amayi kuti ndiwanong'oneze kuti si mmene dokotala ananenera. Anali atasiya kulira. Ankangoyang'ana manja awo, ndipo ine ndinaganiza kuti atopa.

Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kandimverere wathu anakwera basi kubwerera ku Joni maliro atangotha, n'kutisiya ife ndi zimene ananenazo. Nkhani inayenda mofulumira kuposa basiyo. Nditabwerera kusukulu aphunzitsi anzanga anandipepesa, kenako n'kufunsa chapansipansi ngati n'zoona kuti mpopi wapha ahedi. Mayi wina wogulitsa tomato pamsika anandigwira mkono n'kundiuza kuti iye wayamba kutunga pachitsime cha kudambo. Ndinkafotokoza kwa aliyense, m'modzim'modzi, mpaka malovu kuuma. Chimene chinkandikwiyitsa kwambiri n'chakuti achimwene sananame kwenikweni. Likanakhala bodza lenileni ndikanalipha ndi mawu amodzi. Koma anatenga kanthu koona kakang'ono, n'kukafufumitsa mpaka kuphimba zina zonse, ndipo ukamati uwongole umamveka ngati ukuikira kumbuyo a zamadzi.

Amayi sanabwererenso kukakhala ku Chileka. Anati akufuna kukhala pafupi ndi manda, ndipo palibe anatsutsa. Katundu atafika kumudzi ndinaona kuti ndowa yoyera ija aiika pamwamba pa kabati, yopanda kanthu, koma botolo la kolorini silinakwere galimoto. Akabwera kwanga kudzacheza ankabwera ndi kachigubu kawo ka madzi a pamjigo, ndipo tiyi wa madzi a pampopi wanga ankamukana mwaulemu, ati m'mimba simuli bwino. Zinkandiwawa kuti mayi wondibereka akukana madzi a m'nyumba mwanga ngati ndine munthu wokayikitsa, ana anga akuona. Koma ndinkati ndi chisoni, zidzatha, ndiponso madzi a pamjigo si oipa.

Kenako kunabwera dzinja lija la kolera, limene aliyense wa kuno amalikumbuka. Mjigo wa m'mudzi mwawo unasankha nthawi yomweyo kuwonongeka, ndipo a komiti ankangokhalira misonkhano. Amayi a m'mudzimo anabwerera kumtsinje, kufukula timaenje mumchenga n'kumatunga madzi obwera momwemo. Alangizi a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kugawa kolorini wosungunula kale, nyumba iliyonse kabotolo kake. Atafika kwa amayi analandiridwa bwino, kupatsidwa mpando, kuthokozedwa, koma atangopotoloka kabotolo kaja kanakakhuthulidwa m'chimbudzi. Zimenezi anandiuza ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, amene nyumba zawo n'zoyandikana. Anatinso amayi sali okha. Anzawo ena ankati ngati mkazi wa ahedi, munthu amene wakhala ndi mpopi zaka zonsezi, akukana, ndiye kuti akudziwapo kanthu. Ndiponso onsewo anali pamaliro paja, anadzimvera okha.

Ndinayamba kupita Loweruka lililonse. Minibasi mpaka pa Kameza, ina yodutsa Lunzu titapanikizana ngati matumba a chimanga, kenako kabaza m'matope, mkwiyo ukukula pa siteji iliyonse. Ulendo woyamba ndinafika nditakonza kale phunziro lonse m'mutu, ndipo ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba.

Ndinawauza kuti kolorini amapha tizilombo, ndiyo ntchito yake. Koma madzi akakhala ndi matope ndi masamba owola, gawo lina la kolorini limagwirana ndi litsirolo n'kupanga zinthu zina zosaoneka ndi maso, ndipo zimenezo ndi zimene akatswiri amazikayikira munthu akazimwa moyo wake wonse. Ndinati njira yake si kutaya kolorini ayi, koma kuwasiya madzi adikhe kaye, kuwasefa pa nsalu yoyera, kenako n'kuthira muyezo woyenera, osachulutsa. Ndinati khansa imeneyo, ngati ingabwere n'komwe, imatenga zaka zambirimbiri, pomwe kolera munthu amadzuka bwinobwino m'mawa, dzuwa likamalowa anthu akutola nkhuni za pamaliro. Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, ngakhale woyendera sukulu akanandipatsa mamalikisi.

Amayi anamvetsera zonse, dzanja likusankhabe nyemba. Nditamaliza anafunsa funso limodzi, ndipo ananditchula aphunzitsi, dzina limene amanditchula nkhani ikavuta.

"Aphunzitsi, tangondiyankhani. Kolorini akathiridwa wambiri m'madzi ofiira, zoipazo zimapangika kapena sizipangika?"

"Zimapangika, Amayi, koma..."

"Basi, ndamva."

"Simunamve, sindinamalize."

"Ndamva, mwanawe. Kalowe ukadye."

Ndinapsa mtima kwabasi. Ndaphunzitsa ana a eni ake, ena ouma mitu zedi, ndipo pamapeto pake amamva, koma mayi anga ondibereka anandigonjetsa atakhala pansi, lichero lili pamiyendo.

Ndinawapempha kuti aziwiritsa madzi. Anavomera, ndipo ine ndikakhalapo ankawiritsadi, koma nkhuni za dzinja n'zonyowa, ndiponso munthu wokhala yekha sakoleza moto chifukwa cha kapu imodzi. Ndinasenza chigubu cha madzi a kwanga, ndikukangana ndi kondakitala amene ankati chigubu chilipire mpando wake, ndipo Loweruka lotsatira ndinapeza akukolopera madziwo m'nyumba. Anandithokoza n'kunena kuti ndi abwino kwambiri pokolopa, ntchentche sizitera. Tsiku lina iwo ali kumunda ndinasefa madzi, ndinadonthezera kolorini mumtsuko wawo, n'kukhala pakhonde ngati munthu wosalakwa. Anangofika pakhomo n'kununkhiza. Anautulutsa mtsukowo, kukaukhuthulira pa maungu kuseri kwa nyumba, kuutsuka, n'kunyamula ndowa kulowera kumtsinje, mayi wa imvi mbuu, ine ndikuyang'ana. Ndinawatsatira ndikulongolola njira yonse, anthu akuweramuka m'minda kutiyang'ana. Ndinati limeneli ndi liuma chabe, ndinawafunsa ngati akufuna kuti ndiike makolo onse awiri udzu usanamere pa manda oyamba. Iwo ankangoyenda.

Pobwerera, ndili pa siteji kudikira minibasi, ndinaimbira achimwene. Ndinawapempha kuti aimbire amayi, awauze kuti pamaliro paja ananena theka la nkhani. Anaseka, ati chemwali, iwe ndi sayansi yakoyo, ine ndinanena zimene dokotala ananena. Ndinawakumbutsa za likodzo, ndipo anati zimenezo sizinali zonena pagulu, panali abusa, panali aphunzitsi anzawo a abambo. Kenako anandilangiza kuti ndiziwatengera amayi madzi a m'mabotolo a m'sitolo, ati kumene ali iwo anthu ozindikira amamwa amenewo. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti kuchokera pamsewu kukafika kwa amayi, wa kabaza amatsika n'kumakankha njinga m'matope ofika m'mawondo. Anati ndisamakuwe. Ndinadula foni ndisanawatukwane, poti pa sitejipo panali anthu ondidziwa.

Uthenga unandipeza m'kalasi, choko chili m'manja. Amayi aang'ono anati amayi ayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo awanyamula pa njinga kupita kuchipatala chaching'ono. Sindikumbuka amene ndinamusiyira ana. Pachipatalapo anali atamanga tenti kuseri, kutali ndi odwala ena, ndipo usanalowe unkaponda m'beseni la kolorini, kusamba m'manja ndi kolorini, ngakhale pansi pomwe anali atapoperapo kolorini. Fungo limene anakhala akulithawa chimwalirire abambo linawazungulira mbali zonse.

Sindinawazindikire msanga. Maso anali atalowa, masaya ataphwa, ndipo khungu la padzanja ukalitsina linkangokhala choncho osabwerera. Diripi inali m'mikono yonse iwiri. Pa bedi loyandikana nalo panali mayi wina wa m'mudzi momwemo, mmodzi wa amene anataya timabotolo tawo, ndipo ameneyo sanatulukemo wamoyo. Mantha ndi mkwiyo zinandigwira pamodzi, moti sindinadziwe ngati ndilire kapena ndikalipe. Namwino anandiuza kuti ndiziwamwetsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono, ndipo madziwo ankanunkha kolorini. Amayi anatembenuza mutu. Ndinawagwira chibwano monga mmene ankandigwirira ine pomwa mankhwala a malungo, ndipo anameza poti analibe mphamvu zokanira.

Mawa lake masana anayamba kutsitsimuka, mpaka kupempha kuti ndiwamange mpango kumutu, ati asaoneke ngati wamisala pamaso pa anthu. Nditaona kuti safa, mkwiyo wanga unapeza mpata. Ndinawafunsa chapansipansi, kuti odwala ena asamve, ngati tsopano akhutira, ngati liuma lawolo lawapindulira. Anandisiya ndimalize. Kenako analankhula akuyang'ana denga la tenti.

"Si liuma, mwanawe. Ndowa ija ukuikumbuka?"

"Ya abambo?"

"Madzi akabwera ofiira, m'ndowa yanu anainu ndinkangodontheza. Mwa bambo ako ndinkathira mpaka fungo lindikwane. Ndinkati iwo ndiye mzati, asadwale. Zaka zonse zija, ndi dzanja langali." Anadzutsa pang'ono mkono wa diripi. "Ndiye mlongo wako ataima paja n'kunena kuti kolorini m'madzi a matope ndi poizoni, ine ndinadziwa amene anathira. Iwenso ndinakufunsa, unati zimapangika."

Miyezi yonseyo ndinkakangana ndi munthu amene ndinkaganiza kuti sakumvetsa, chikhalirecho anamvetsa bwino lomwe, anangotenga phunziro langalo n'kudzigamula nalo mlandu. Ndinakumbuka madzi aja anandikanda pakhosi ndili mtsikana, ndi mabotolo aja ndinkawanyamula pa minibasi kupita nawo kuchipatala. Ndinakumbukanso manja aja ankawayang'ana pa mphasa. Chisoni chinandigwira, koma mkwiyo sunachoke, unangosintha kolowera.

Ndinawauza zonse zimene dokotala ananena, mmene anazindandalikira, kuyambira pa fodya. Ndinati chimene anatsindika chinali likodzo, ndipo ndinawakumbutsa nkhani ya anyamata a kumaiwe. Anati akuikumbuka, anawaona okha ali mtsikana, iwo akuchapa kumtunda anyamatawo akusambira kumunsi.

"Nanga bwanji mlongo wako sananene zimenezo pamaliro?"

Yankho ndinali nalo, koma silinali loti n'kumuuza mayi wodwala za mwana wake woyamba. Ndinangowakonza mpango.

"Ndiye ukundiuza kuti ndowa ija sinachite kanthu? Ulumbire."

Pamenepo ndi pamene ndinadana nayo sayansi. Ndinkafuna kunena kuti sinachite kanthu, ndi mawu akulu, ndipo mwina munthu wanzeru akanatero. Koma amayi amandidziwa, bodza langa amaliona lisanatuluke pakamwa, ndipo akanaligwira akanataya ndi zoona zomwe. Ndinati palibe dokotala padziko pano amene angaloze ndowa ija n'kunena kuti ndi imeneyi, ndipo ine ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti unali mtsinje. Ndinatinso m'nyumba mwathu ku Chileka kolera sanalowemo ngakhale kamodzi, pomwe kwa anansi analowa, ndipo abambo anafika paukalamba akumwa madzi omwewo.

"Koma sunalumbire," anatero amayi, n'kutseka maso.

Atatuluka ndinapempha tchuthi n'kukhala nawo kumudzi. Mjigo unali usanakonzedwebe. Tinkatunga madzi m'mawa, kuwasiya adikhe, kutsanulira a pamwamba mu ndowa ina kudzera pa nsalu, kenako n'kuthira kolorini ndi kachivundikiro monga alangizi ananenera, n'kudikira pang'ono tisanamwe. Sanakanenso. Miyendo itangolimba anapita kukapepesa kwa ana a mayi uja anamwalira m'tenti, ndipo atabwerako sanadye tsiku limenelo. Kenako anayenda okha kwa anzawo kuwauza kuti akatengenso timabotolo. Ena anamva, ena anati ifetu tinamva kwa mwana wanu wamwamuna pa chimkuzamawu. Madzi akatayika sawoleka.

Achimwene ndinawauza zonse pafoni. Anati iwo sanatchule dzina la munthu pamaliro paja, ndipo ngati amayi anazitengera okha, iwo akanadziwa bwanji. Anatumiza sefa ya madzi yokongola, imene inafika itasweka pa basi. Mpaka lero sanawauzepo amayi kuti anasiya mawu ena m'chipinda cha dokotala. Ndikudziwa kuti mawu amene amayi akanawakhulupirira ndi a munthu amene anaima paja, osati anga, ndipo achimwene nawonso akudziwa. Ndikaona foni yawo ikulowa ndimayamba ndapuma kaye ndisanayankhe.

Mjigo unakonzedwa, koma dzinja lililonse umavutanso, ndipo amayi amabwerera ku kabotolo kawo. Mayi amene analera ana, kusunga nyumba ya ahedi, kuphunzitsa atsikana a kumpingo kuchapa ndi kusita, osafunsapo munthu aliyense kuti ichi ndichite bwanji, masiku ano amandiimbira foni. Kawirikawiri imalira ndili mu ofesi ya aphunzitsi nthawi ya buleki, ndipo ndimatuluka panja kuti anzanga asamve. Moni amapereka mwachidule.

"Ndasefa, ndathira monga unanenera. Koma akumveka fungo. Sindinachulutse?"

"Simunachulutse, Amayi. Imwani."

Ndimamva nkhuku kumbuyo kwawo, kenako amati chabwino. Za madzi a tsikulo ndimayankha mosakayika. Koma tonse awiri timadziwa ndowa imene akufunsa, ndipo imeneyo ikadali pamwamba pa kabati. Chaka chatha ndinati ndiitsitse tiziikamo nyemba, iwo anati ndiisiye pomwepo.